Mtovu ndi Ciwindi Cathu

Lero tiphunzira za mtovu, citsulo cofewa ndi colemera cimene cimapezeka m'mabatire a galimoto ndi m'penti wina wakale.

Ana inu, ikani dzanja pansi pa nthiti zanu za kumanja. M'menemo ndimo muli ciwindi. Cakudya cikagayika m'matumbo, magazi amatenga zabwino zake napita nazo coyamba ku ciwindi. Ciwindico cimasunga zofunika, cimasefa zoipa, ndiponso cimapanga ndulu. Tsono mwana akameza fumbi la mtovu, mtovuwo umadzera njira yomweyo.

Ciwindi cimataya mtovu wina pamodzi ndi ndulu, koma sicitha kuucotsa wonse. Wambiri umakakhazikika m'mafupa, ndipo umabwerera m'magazi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Motero ciwindi sicipuma. Poyesa nyama zimene zinamwa mtovu nthawi yaitali, akatswiri anaona tizigawo ting'onoting'ono ta ciwindi titatupa, tina titadzala mafuta, tina titafa. Coopsa n'cakuti poyamba munthu samva kuwawa kulikonse. Mtovu umacepetsanso magazi ndi kufooketsa nzeru, makamaka mwa ana, pakuti thupi la mwana limautenga kwambiri kuposa la munthu wamkulu.

Zimenezi zaoneka m'dziko lathu lino. Ku Kabwe, kumene kale kunali kuchedwa Broken Hill, miyala ya mtovu inapezeka m'caka ca 1902, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Koma fumbi lake linatsala m'dothi la makomboni monga Kasanda ndi Makululu. Akatswiri a University of Zambia ndi anzao a ku Hokkaido, m'dziko la Japan, anapeza mtovu wambiri m'magazi a ana ndi m'ziwindi za nkhuku zoyendayenda za kumeneko.

Kuno ku Chipata kulibe mgodi wotere, koma mabatire akutha alipo m'magalaji ndi m'nyumba zathu. Musawaswe, musasungunule mtovu wake, ndipo musasewere pamalo pamene amawaswera. Sambani m'manja ndi sopo musanadye.

Aphunzitsi, jambulani ciwindi pa bolodi, ndipo funsani ana mafunso awiri awa: Kodi mtovu umafika bwanji ku ciwindi? Nanga batire lakutha la kwanu limasungidwa pati?

Tsalani bwino.