MFUTI YAKALE IMANENA YOKHA KWAO

M'nyumba zina za ku Migodi ndi kumidzi mumapezeka mfuti yakale ya 303. Mwini wace akafunsidwa kumene inacokera, amangoti, "Inali ya ku nkhondo." Komatu nkhondo zazikulu zinali ziwiri, ndipo opanga anali ambiri. Mfutiyo imanena yokha kwao, ngati munthu adziwa poyang'ana.

Dzina lace ndi Lee-Enfield. Mtundu wofala ndi wa Mark III, umene Angelezi anaubvomereza m'caka ca 1907, wodya zipolopolo khumi. Ndiwo unali pa mapewa a Akeyala ndi a Northern Rhodesia Regiment ku Somaliland mu 1940.

Wofuna kudziwa ayambe ndi citsulo cozungulira cimene cilumikiza mtengo wa paphewa ndi thupi la mfuti, ku dzanja lamanja. Pamenepo pali dzina la opanga ndi caka, ndipo pa zambiri palinso cisoti ca Mfumu ndi malemba G.R. ENFIELD ndi B.S.A. ndi za ku Mangalande, yaciwiriyo ya ku Birmingham. LITHGOW ndi ya ku Australia. ISHAPORE, ya malemba G.R.I., ndi ya ku India. Kamubvi kodindidwa pacitsulo katanthauza katundu wa Boma. Mibvi ikakhala iwiri yogundana nsonga, ndiye kuti Boma linaigulitsa.

Nkhondo itatha mu 1945 zambiri zinagwa m'manja mwa alenje, ndipo pano ndi pamene zinasintha nkhope. Ya msilikari inali ndi mtengo kufikira kukamwa, pamodzi ndi citsulo cogwira beneti. Mlenje alibe naye nchito beneti, ndipo mapaundi pafupi-fupi asanu ndi anai ndi katundu kwa munthu wolonda mphalapala tsiku lonse. Cotero mtengo unadulidwa pakati, paipi natsala pamtunda. Amisiri a Parker-Hale ku Birmingham anacita ici mwaukhondo, nafupikitsanso zina kuti zidye zipolopolo zisanu. Malemba B.N.P. ndi umboni wakuti mfuti inayesedwa ku Birmingham isanagulitsidwe kwa anthu wamba.

Zina zinadulidwa ndi sowo kuseri kwa nyumba. Izi zimapepuka ndithu, koma kawiri-kawiri zimaponya pambali, pakuti paipi ya Mark III njopyapyala, ndipo mtengo uja ndiwo unali kuicirikiza. Wodula anayesa akucotsa cabe nkhuni.

Koma cacikulu ndi ici. Nambala ya pa cogwirira ca boloti ilingane ndi ya pathupi la mfuti. Zikasiyana, ndiye kuti boloti ndi wa mfuti ina, ndipo mmisiri wa mfuti ayenera kuyesa mpata wace munthu asanaombe. Tsono pali malemba awiri oopsa, D.P. Mfuti yotere asilikari anaipatula kuti ikhale ya pelete yokha, cifukwa cina m'kati mwace sicinalinso cokhulupirika. Mtengo watsopano wonyezimira sucotsa cilema cimeneco. Wogula ayang'anitse pacitsulo pamwamba pa paipi, ndipo akaona pokwecedwa ndi tupa, abweze ndalama zace m'thumba.