Laputopu yopepuka: tisanapereke ndalama, tiyambe tawerengera

Mawu omwe anayankhulidwa pa mkumano wa kalabu yathu Loweruka lapitali. Tawalemba pano kuti amene simunabwere muwerenge nawo.

 

Mwandipatsa mphindi zochepa kuti ndikambeko za laputopu. Ambiri muno talemba MSCE. Ena mayina atuluka ku MUBAS, ku LUANAR, ku Mzuni kaya ku makoleji ena, ndipo mukudziwa kuti kumeneko popanda laputopu zinthu zimavuta. Ena simukupita kusukulu koma mukufuna kuyamba kabizinesi kokonza makhadi a ukwati, zithunzi kapena mavidiyo. Tonse funso lathu ndi limodzi, tigule iti? Ndiye masiku ano munthu akangoona zija zopyapyala ngati kope, zonyezimira bwino, mtima umangoti ndi yomweyi basi.

Koma tisaiwale kuti ndalama zogulira laputopu kawirikawiri sizikhala zathu. Amakhala soya amene bambo agulitsa, mbuzi za amayi, kapena amalume a ku Johannesburg atumiza kamodzi ndipo chaka chamawa sadzatumizanso. Mukagula molakwika, mudzakhala nayo choncho zaka zinayi zonse. N'chifukwa chake ndati tikhale pansi tiwerengere.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, nditenga chitsanzo chimodzi chomwe ambiri mumachisirira, MacBook Air ya kampani ya Apple. Yoyamba inatuluka mu Januwale 2008, pamene Steve Jobs anaisolola mu envelopu pamaso pa anthu kuti aone kupyapyala kwake. Kuti ikwane mu envelopumo, anaichotsa poika CD ndipo anangoisiyira bowo limodzi la USB. Kuyambira nthawi imeneyo nkhani yake ndi yomweyo: laputopu ikapepuka, dziwani kuti pali zina zomwe zachotsedwa. Ya sikirini ya mainchesi 13 yomwe inatuluka mu Malichi 2025, ija amati M4, imalemera makilogalamu 1.24. Ndiye kuti paketi imodzi ya shuga ndi kakota pamwamba. Ili ndi RAM ya 16GB ndi malo osungira zinthu a 256GB, ndipo ku America inayamba kugulitsidwa pa $999.

Tiyambe ndi zabwino zake, chifukwa zilipo ndithu.

Chachikulu ndi batire. Eni ake amati limatha kufika maola 18 ukungoonera vidiyo. Pa ntchito yeniyeni, intaneti ili yoyatsa, sikirini ikuwala, maolawo amachepa, komabe kuswera nayo tsiku lonse osafuna soketi n'zotheka. Kwathu kuno imeneyi si nkhani yamasewera. Mukukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ataononga Kapichira dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, mmene magetsi ankathimira? Amene anali ndi laputopu ya batire lakufa, inangosanduka thireyi. Komanso yopepukayi siidya moto wambiri. Tchaja yake ndi ya mawati 30 okha, pamene malaputopu akuluakulu a magemu ena amafuna mawati opitirira 150. Kasola kapanyumba kangathe kuitchaja, ngakhalenso power bank yamphamvu ya USB-C.

China, MacBook Air za masiku ano zilibe fani mkati. Sizichita phokoso, ndipo sizikoka fumbi. Amene mumakhala m'mbali mwa msewu wafumbi mukudziwa mmene fani ya laputopu imatsekekera, mpaka makina kumatentha ngati mbaula.

Ndiye pali kupepukako. Ngati tsiku lililonse mumayenda wapansi kuchoka ku hositelo ya kunja kwa kampasi, kapena kukwera kabaza ndi minibasi chikwama chili kumsana, laputopu zakale zija za mainchesi 15, zolemera makilogalamu awiri ndi kupitirira, kuphatikiza tchaja yangati njerwa, zimatopetsa zedi. Pamenepa sindingatsutse.

Tsopano tiyeni kumbali inayo.

Choyamba ndi mtengo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mukatenga $999 ija n'kuwerengera pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, mupeza K1.75 miliyoni. Apo sinakwere ndege, sinalipiridwe msonkho, wogulitsa sanaikepo phindu lake, ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri oitanitsa katundu madola sawapeza pa mtengo wa kubanki. Ikamafika mu shopu ku Lilongwe kaya ku Blantyre, mtengo umakhala utakwera kwambiri. Muwerengere nokha kuti ndalama imeneyo ndi fizi ya nthawi yaitali bwanji, kapena matumba angati a feteleza.

Chachiwiri, ndipo ichi ambiri sitimachiganizira, ndi kukonza. Kuti laputopu ipyapyale, opanga amamatirira zinthu pa bolodi limodzi. Mu MacBook Air, RAM ndi posungira zinthu zonse n'zomatirira. Mukagula ya 256GB, ndi 256GB mpaka kalekale. Chaka chachitatu mavidiyo akakuchulukirani, simungapite kwa okonza kuti akuwonjezereni. Bolodi likapsa, mwina magetsi abwera mwamphamvu kapena tiyi watayikira, zomwe munasunga zingapitire limodzi. Komanso Apple ilibe shopu yakeyake mu Africa muno, alipo ndi ogulitsa ena ovomerezeka, monga aku South Africa. Sikirini ikasweka mu minibasi, yina iyenera kuitanitsidwa kunja, pa madola. Ndipo si Apple yokha ayi. Malaputopu ambiri opyapyala a Windows nawonso RAM yake ndi yomatirira. Muzifunsa musanagule.

Chachitatu ndi mabowo olowetsa zingwe. MacBook Air ili ndi mabowo awiri a USB-C, potchajira, ndi polowetsa mahedifoni, basi. Tsono taganizirani moyo wathu. Mnzanu wakupatsani manotsi pa fulashi, fulashiyo ndi ya USB yaikulu ija. Mwapita kukasindikiza asayimenti, akufuna fulashi. Purojekita ya m'kalasi ikufuna HDMI kapena VGA. Zonsezi zikufuna adaputa, yomwe mugule padera, muziyenda nayo, ndipo tsiku lomwe mwaiwala ndi tsiku la presentation.

Chachinayi ndi mapulogalamu. Amene mukukachita za engineering, za mapu ndi malo kapena zomangamanga, tcherani khutu. ArcGIS Pro, Revit ndi SolidWorks anapangidwira Windows. Pa Mac sayenda pokhapokha mutachita kuzungulira njira zina zovuta. Palinso malaputopu opepuka a Windows omwe anayamba kuchuluka mu 2024, a purosesa ya Snapdragon. Batire lake ndi labwino, koma mapulogalamu ena ndi mapulinta ena akale amakana kugwirizana nawo. Safunsa anadya phula. Pezani wa chaka chachitatu pa kosi yanuyo, mumufunse mapulogalamu omwe amagwiritsa ntchito, kenako mukagule.

Chachisanu, kusowa kwa fani kuja kuli ndi kuipa kwake. Laputopu ikatentha ndipo palibe choiziziritsa, imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Polemba ndi kuwerenga simungazindikire n'komwe. Koma mukamakonza vidiyo yaitali ya ukwati mwezi wa Okutobala ku Salima kaya ku Chikwawa, mudzaona ikuyamba kukoka miyendo.

Ndiwonjezere kamodzi: chinthu chonyezimira mbava nazo zimachiona. Ku hositelo ya anthu anayi m'chipinda, kugona ndi katundu wa mamiliyoni pansi pa pilo si tulo ayi.

Nanga njira ina ndi iti? Ndi ija timaitcha ya kaunjika, kapena ex-UK: malaputopu omwe ankagwira ntchito m'maofesi kunja, monga Lenovo ThinkPad, HP EliteBook ndi Dell Latitude. Nditenge ThinkPad T480 ya 2018. Imalemera pafupifupi makilogalamu 1.6. Tachotserani 1.24 ija. Kusiyana kwake sikukwana ndi theka la kilogalamu lomwe, botolo la madzi la 500ml likulemera kuposa pamenepo. Ndiye dzifunseni, kodi ndi bwino banja lonse livutike kuti ine ndisanyamule kabotolo kamodzi ka madzi? T480 ili ndi malo awiri oika RAM, mutha kuyamba ndi 8GB n'kudzawonjezera mukapeza ndalama. SSD imasinthika. Batire lakunja mumachotsa ndi manja n'kuika lina. Ili ndi USB yaikulu, HDMI, polowetsa chingwe cha netiweki ndi memory card. Okonza a m'tauni amaidziwa, ndipo zipangizo zake sizivuta kwambiri kupeza.

Koma nayo ya kaunjika ili ndi misampha yake, ndipo apa ndi pomwe anthu amapusitsidwa kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, mwa malamulo ake, imafuna purosesa ya Intel ya 8th generation kupita m'tsogolo. Ogulitsa ena amangokuuzani kuti "iyi ndi Core i7, boss", inu n'kusangalala. Dzina loti i7 silikuuzani zaka za makinawo. Yang'anani nambala yotsatira. Ikakhala i5-8250U, 8 woyambayo ndiye generation yake, ili bwino. Ikakhala i7-6600U, imeneyo ndi ya 6, yakalamba ngakhale ikutchedwa i7. Zoyamba ndi 10, 11 kapena 12, monga i5-1135G7, ndi zatsopanoko.

Batire musamangokhulupirira pakamwa. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, ndipo itulutsa lipoti. Mufananize Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Yachiwiriyo ikakhala theka la yoyamba, batire latha, ndipo mtengo utsike kapena akusinthireni. Onetsetsani kuti muli SSD, osati hard disk yozungulira ija, chifukwa kusiyana kwa liwiro n'kwakukulu. RAM isachepere 8GB. Dinani batani lililonse la kiyibodi, yesani kamera, Wi-Fi ndi mabowo onse, muonenso ngati BIOS ilibe password. Mukamagula Mac yogwiritsidwa kale ntchito, mwini wake atulutsemo akaunti yake ya Apple inu mukuona, apo ayi ingadzakutsekereni osatsegukanso. Ndipo tengani lisiti yolembedwa serial number. Wogulitsa akakana kulemba lisiti, mtengo uli wotsika modabwitsa, chokanipo. Mungagule katundu wakuba, mawa apolisi n'kukupezani ndi inu.

Ndiye maganizo anga ndi otani? Ndinena mosabisa. Kwa ambiri a ife, amene ntchito yathu ikhale kulemba maasayimenti pa Word, kuwerengera pa Excel, kuwerenga ma PDF ndi kulowa m'kalasi ya pa intaneti, ya kaunjika yabwino ya 8th generation kupita m'tsogolo, ya SSD ndi batire lamoyo, ikukwanira. Ndalama yotsalayo mugule surge protector yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, chikwama chokhala ndi siponji, fulashi yosungira zinthu zofunika kawiri, ndi mabandulo a intaneti. Laputopu ya mamiliyoni yopanda bandulo siingakutumizireni asayimenti.

Yopepuka yatsopano ndi yoyenera kwa munthu amene laputopuyo izimubweretsera ndalama, amene amayenda nayo tsiku ndi tsiku, kumalo komwe soketi ndi yosowa, ndipo ikawonongeka angathe kuikonzetsa osagulitsa mbuzi ina. Wojambula amene ali kale ndi makasitomala, kapena wolemba mapulogalamu amene akulipidwa, kwa iyeyo batire la tsiku lonse ndi ndalama. Ngati muli m'gulu limeneli ndipo thumba likulola, gulani, simunalakwe. Koma mugule chifukwa cha batire ndi ntchito, osati kuti anthu akuoneni ku library.

Ndipo amene pakali pano mulibe ndalama ya iliyonse, musadzione otsalira, komanso musathamangire katapila. Foni ndi kakiyibodi ka Bluetooth zimalemba pa Google Docs bwinobwino, ndipo m'makoleji ambiri muli ma computer lab. Semesita yoyamba mutha kuyamba choncho, mukuona kaye zomwe kosi yanu ikufuna, kenako n'kugula mukudziwa chomwe mukugula.

Musanapite kukauza makolo mtengo, lembani papepala mayankho a mafunso anayi awa. Ndizichita nayo chiyani kwenikweni? Komwe ndikukakhala magetsi ndi otani? Ikawonongeka, adzakonza ndani, ndi ndalama zingati? Ndikagula imeneyi, chomwe chisowe pakhomo ndi chiyani? Funso lomalizali mukayankhe pamodzi ndi amene akutulutsa ndalamazo.

A tcheyamani, ndipemphe kuti Loweruka likubwerali amene ali ndi malaputopu abwere nawo, akale ndi atsopano omwe. Tidzayese limodzi lipoti la batire lija ndi kuwerenga nambala ya purosesa, kuti aliyense akamapita ku shopu akhale atazionapo ndi maso. Amene mukufuna kugula mwezi uno, musapite nokha, tengani mnzanu mmodzi wa m'kalabu muno.

Ngati pali mafunso, ndilipo.