MPASA, NSOMBA YOBADWIRA KU MTSINJE

Anthu a kuno amene anafikako ku Nkhotakota aidziwa mpasa, nsomba ya mafuta ndi yokoma kopambana. Nsomba imeneyi ipezeka m'Nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yace yokha. Kulibe kwina pa dziko lonse lapansi. Azungu anaicha "lake salmon," cifukwa ikwera mitsinje kukaswa monga icitira salmon ya kwao, koma si mtundu umodzi ai. Mbale wace weniweni ndiye sanjika. Katswiri wa nsomba, Albert Günther, ndiye anailemba m'mabuku a sayansi m'caka ca 1864.

Mpasa wamkulu atalika kufikira masentimita 47. Akhala pa nyanja, nasaka tinsomba tating'ono monga usipa. Koma nthawi yoswa ikakwana, asiya nyanja nalowa m'mitsinje, makamaka Bua, North Rukuru ndi Songwe. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mpasa nayenso saiwala mtsinje. Afunafuna pamalo posaya, pamene madzi oyera athamanga pa nsangalabwi, ndipo aikira mazira ace pakati pa timiyalato. Ana akaswedwa ayamba akula mu mtsinje momwemo, pambuyo pace atsikira ku nyanja.

Pa ulendo umenewu ndi pamene pali tsoka lace. Ku matsiriro asodzi acha maukonde. Kumtunda ena atseka mtsinje ndi biyo, naikapo miono. Enanso athira katupe m'madzi, ndipo afa amai pamodzi ndi ana. Wogwira mpasa wa mazira wadya mbeu, osati ndiwo cabe.

Koma mdani woposa onsewa alibe ukonde. Ali ndi nkhwangwa ndi khasu. Mitengo ikadulidwa ndipo anthu akalima kufikira m'gombe, mvula ikokolola dothi, matope nakwirira nsangalabwi zija. Mazira okwiririka m'matope asowa mpweya, naola. Cifukwa ca zonsezi, m'caka ca 2006 bungwe la IUCN linaika mpasa m'gulu la zamoyo zimene ziri pafupi kutha.

Mtsinje wa Bua ucokera ku Mchinji, pafupi ndi malire a Zambia, ndipo usanafike ku nyanja upyola m'nkhalango yosungidwa ya Nkhotakota. Kuyambira 2015 bungwe la African Parks lithandizana ndi boma la Malawi kulonda nkhalangoyo, ndipo m'menemo mpasa apeza pobisala. Koma alonda angathe kucotsa miono. Sangathe kubweza matope ocokera kutali kumtunda.

Cotero nchito yosunga mpasa si ya asodzi okha. Msodzi aleke kutseka mtsinje wonse, ndipo ataye katupe. Mlimi asiye mitengo ndi bango m'mphepete mwa madzi, nalime mizere yopingasa pa citunda. Munthu wolima ku Mchinji, ngakhale sanaione nyanja ciyambire, ndiye agwira moyo wa mpasa m'dzanja lace.