Foni ikamva "odi", funsani kaye kuti ndani

(Mawu omwe anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi ku Mualadzi, m'boma la Chifunde)

 Lero tikambirane za Bluetooth, njira ija timatumizirana nyimbo, zithunzi ndi mapulogalamu a pawailesi popanda waya, popanda mayunitsi, ngakhale kumalo komwe netiweki sifika. Makalabu athu imatithandiza kwambiri. Mmodzi akajambula zokambirana za ulimi, mawa lake zafika m'mafoni khumi. Koma khomo lolowera zabwino ndi lomwelonso lolowera zoipa.

Luso limeneli linayambira ku kampani ya Ericsson ku Sweden mu 1994. Dzinali analitenga kwa Harald Bluetooth, mfumu yakale ya ku Denmark. Mafoni ambiri amamvana pa mtunda wa mamita pafupifupi 10 basi. Ndiye kuti amene akugogoda pa foni yanu sali ku Maputo ayi. Ali pomwepo, mwina mu chapa momwemo, pamsika wa fodya, kapena pamzere wa pamalire a Cassacatiza.

Nanga zimayenda bwanji? Mukayatsa Bluetooth, foni yanu imakhala tcheru ngati mlonda wa pakhomo. Mukatsegula tsamba lake la Bluetooth, imayamba kulengeza dzina lake kwa mafoni onse oyandikira. Wina akafuna kulowa, mlondayo sadzitsegulira yekha, amabwera kudzafunsa inu. Pa foni ya Chipwitikizi mudzaona mawu awiri: "Aceitar", kutanthauza kuvomera, ndi "Recusar", kutanthauza kukana. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kwathu kuno mlendo akati "odi" usiku, sitithamangira kunena "lowani". Timayamba tafunsa kuti "ndani?"

Mu 2004 kunabuka kachirombo ka m'mafoni kotchedwa Cabir, komwe kankagwira mafoni ena a Nokia. Kankadumpha kuchoka pa foni kupita pa ina kudzera pa Bluetooth, n'kumamaliza batire msangamsanga. Koma kankalowa pokhapokha mwini foni atavomera. Kankangogogoda mobwerezabwereza mpaka munthu atatopa n'kudina "inde" kuti kamusiye. Mwaona? Chinatsegula chitseko si nzeru za kachiromboko, koma kutopa kwa mwini nyumba.

Mu 2017 akatswiri a kampani ya Armis anaulula vuto lina lalikulu lomwe analitcha BlueBorne. Ili linali loopsa chifukwa munthu ankatha kulowa m'foni osapempha n'komwe, bola Bluetooth ikhale yoyatsa. Makampani anakonza vutoli, koma foni yomwe sinalandire zokonzazo imakhalabe ndi mng'alu. Ambirife mafoni athu ndi ogula kwa anzathu, ena ndi akalekale. Choncho nkhaniyi ikutikhudza.

Tsono tichite chiyani? Ndili ndi mfundo zisanu.

Choyamba, mukamaliza kutumizirana, zimitsani Bluetooth. Batire nayonso ipumako, poti kutchajitsa n'kolipira.

Chachiwiri, musavomere dzina lomwe simukulidziwa. Mnzanu akati akutumizireni kanthu, mufunseni dzina la foni yake, muone ngati ndi lomwe latuluka.

Chachitatu, polumikiza mafoni awiri koyamba, pamatuluka nambala ya manambala asanu ndi imodzi pa mafoni onse awiri. Werengeranani mokweza. Zikasiyana, kanani, chifukwa ndiye kuti mukulumikizana ndi munthu wina.

Chachinayi, wailesi ya m'galimoto kapena chipangizo china chikapempha kuona mayina ndi manambala a m'foni mwanu, kanani ngati si chanu. Kuimba nyimbo sikufuna nambala ya apongozi anu.

Chachisanu, yang'anani dzina la chomwe mwalandira. Nyimbo nthawi zambiri imathera ndi .mp3, chithunzi ndi .jpg. Chothera ndi .apk ndi pulogalamu yolowa m'kati mwa foni, ndipo ikhoza kupempha kuwerenga mauthenga anu. Kumbukirani kuti m'foni momwemo ndi momwe mumabwera mauthenga a M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Ndalama za fodya za chaka chonse zisathere pa kudina kamodzi.

Inu achinyamata amene mumathandiza makolo kuika nyimbo m'mafoni, ntchitoyi ndi yanu. Musamangowalanda foni n'kudinadina. Aonetseni pomwe pali "Aceitar" ndi pomwe pali "Recusar", kuti mawa adzathe okha. Mafoni atsopano a Android, kuyambira mtundu wa 12 womwe unatuluka mu 2021, amafunsa kaye pulogalamu isanayambe kufufuza zipangizo zapafupi. Pulogalamu ya tochi ikapempha zimenezo, dzifunseni kuti tochi ikufuna chiyani kwa aneba.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tisanabalalike, aliyense atulutse foni yake, tithandizane kufufuta mayina achilendo omwe analumikizidwa kale. Amene ali ndi mafunso apereke kwa mlembi, tidzawayankha pa msonkhano wotsatira.