M'mene Nyasaland Inatulukira m'Chitaganya

 Nkhani yathu ya lero ndi ya mbiri, koma si yakale kwenikweni, pakuti m'midzi mwathu akadalimo agogo amene anaiona ndi maso.

Pamene anthu a ku Britain anaponya voti pa 23 Juni 2016 kuti dziko lawo lituluke m'bungwe la European Union, ambiri anayesa kuti ntchito yatha tsiku lomwelo. Koma anadzatuluka pa 31 Januwale 2020, atakangana zaka zitatu ndi theka pa za malire, ngongole ndi malonda. Ife Amalaŵi sitinayenere kudabwa nazo. Zoterezi zinatichitikira kale, ndipo woweruza mlandu wathu anali Britain yemweyo.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa m'chaka cha 1953, likulu lake ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Chinamanga pamodzi maiko atatu: Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Ku Southern Rhodesia kunachitika voti, ndipo oponya ake pafupifupi onse anali Azungu. Kuno kwathu kunalibe voti. Mafumu anapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi, koma sanaloledwe kuonana nayo. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pa ufumu chifukwa cholimbikitsa anthu ake kukana malamulo a boma. M'nyumba ya malamulo ya chitaganya munali mipando 35, ndipo ya anthu akuda inali 6 yokha, iŵiri pa dziko lililonse.

Nanga anthu osaphunzira a kumudzi anadziŵa bwanji kuti chinthuchi n'choipa chisanayambe n'komwe? Yankho lake lili kwa matchona. Amuna athu amene anapita ku Halale, ena ndi Mthandizi, ena paokha, anabwerako ndi nkhani za zitupa zoyendera, ndi za nthaka yachonde imene lamulo la 1930 linaipatulira Azungu. Anaopa kuti zimenezo zidzaoloka Zambezi n'kufika kuno. Sanasoŵe wina woŵauza.

Tsono tinene zoona, pakuti mbiri siifuna kukondera. Ochirikiza chitaganya anali nazo mfundo zawo. Ankati Northern Rhodesia ili ndi mkuwa, Southern Rhodesia ili ndi mafakitale, Nyasaland ili ndi anthu ogwira ntchito, choncho atatuŵa akaphatikizana onse adzapindula. Ndipo n'zoona kuti ndalama zimene boma la chitaganya linkagwiritsa ntchito kuno zinkaposa zimene linkatolera kuno. Zaumoyo zinali m'manja mwake, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa m'nyengo imeneyo, m'chaka cha 1958. Koma taonani mbali inayo. Misonkho ya katundu woloŵa inakonzedwa motchinjiriza mafakitale a ku Salisbury ndi Bulawayo, kotero kuti mai wa ku Dowa pogula nsalu ankalipira mtengo wokwera kuti fakitale ya kutali ikule. Chuma chachikulu chinathiridwa pa damu la Kariba, limene linamangidwa kuyambira 1955 kufikira 1959 ndi kusamutsa Atonga a m'chigwa cha Zambezi okwana ngati 57,000. Maganizo otapa magetsi pa mtsinje wa Shire anaikidwa pambali, ndipo magetsi a pa Nkula anadzayaka mu 1966, chitaganya chitafa kale. Sukulu za ana a Azungu zinali za boma lolemera la chitaganya. Za ana athu zinasiyidwa ku boma losauka la ku Zomba. Ine ndiganiza kuti apa ndi pamene panagona mlandu: thandizo linalipo, koma wogaŵa ndiye ankasankha yekha cha kugaŵa.

Za ndale mukuzidziŵa, choncho tingodutsamo. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Pa 3 Malichi 1959 boma linalengeza kuti dziko lili pa chisokonezo, linamanga atsogoleri a Nyasaland African Congress, ndipo asilikali anaombera anthu ku Nkhata Bay. Bungwe lofufuza la Devlin linapeza kuti anthu 51 anaphedwa m'nyengoyo, ndi kuti pafupifupi munthu wakuda aliyense sankachifuna chitaganya. Mu 1960 bungwe la Monckton linati dziko lofuna kutuluka liyenera kuloledwa. Pa chisankho cha Ogasiti 1961 chipani cha Malaŵi Congress chinapambana kotheratu, ndipo mu Disembala 1962 nduna ya ku Britain, R. A. Butler, inavomera kuti Nyasaland ituluke. Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganya, anakalipa kuti Britain yamupereka. Northern Rhodesia nayo italoledwa mu Malichi 1963, panalibenso chotsala.

Kunena kuti "tatuluka" n'kwapafupi. Chovuta ndi kugaŵana katundu, monga adziŵira ankhoswe onse amene anakhalapo pa mlandu wa kutha kwa ukwati. Pakati pa chaka cha 1963 nthumwi zinakumana ku Victoria Falls kuti zikonze magaŵidwe. Panali ngongole za chitaganya zoti dziko lililonse lisenzeko gawo lake. Panali anthu ogwira ntchito m'boma, oyenera kupatsidwa malo kapena penshoni. Panali mapositi ofesi, zipatala, ndege, njanji, ndalama imodzi ya maiko atatu, ndi koleji imodzi ya ku Salisbury. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo Malaŵi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964, koma kumasula mfundo zimenezi kunatenga zaka. Dziko linayenera kukhala ndi banki yakeyake yaikulu ndi paundi yake, imene inadzasanduka kwacha mu 1971. Linayenera kutsegula yunivesite yake, imene inalandira ophunzira oyamba mu 1965. Ngakhale wailesi inatuluka m'mimba mwa Federal Broadcasting Corporation n'kukhala ya Malaŵi mu 1964. Kampani ya ndege ya Central African Airways inakhalabe ya maiko atatu kufikira 1967. Ndipo dzenje limene ndalama za chitaganya zinasiya m'thumba la boma linakwiriridwa ndi thandizo la chaka ndi chaka lochokera ku Britain, kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Amuna sanaleke kupita ku Halale ndi ku Joni, pakuti ufulu sunabwere ndi mafakitale tsiku limodzi.

Anzathu a ku Zambia ndiwo anamva kuŵaŵa koposa. Mkuwa wawo ndiwo unalipira zambiri za chitaganya, koma potuluka anapeza kuti makina a magetsi a Kariba ali tsidya la kumwera, malasha oyendetsera migodi akuchokera ku Wankie, ndipo njanji yawo yopita kunyanja ikudutsa m'dziko la Rhodesia. Pa magaŵidwe aja, ndege zankhondo za chitaganya pamodzi ndi mbali yaikulu ya asilikali zinapatsidwa kwa Southern Rhodesia, ngakhale maiko ena a mu Africa anachenjeza ku United Nations kuti n'zoopsa. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa Azungu okha ali ndi zida zimenezo m'manja. Zambia inakakamizika kufuna njira ina ya kumpoto: paipi ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam inatha mu 1968, ndipo njanji ya TAZARA, yomangidwa ndi thandizo la China, inafika ku Kapiri Mposhi mu 1975, zaka 12 chitaganya chitatha.