Amisiri a pa Boma la Phalombe ndi Thandizo Lomwe Amalandira

Nkhani ya sabata ino ikuchokera pa Boma la Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, kumene mlendo akafika m'maŵa amalandiridwa ndi phokoso la zigayo, la owotcherera zitseko zachitsulo ndi la akalipentala opala matabwa. Phalombe inakhala boma payokha m'chaka cha 1998, itachoka pansi pa Mulanje, ndipo kuyambira pamenepo maofesi, nyumba ndi masukulu zakhala zikufuna mawindo, mipando ndi njerwa. Mbewu zoti nkugaya kapena kufinya ziliponso: mpendadzuŵa, nandolo, chimanga, ndi mpunga wa m'madambo a nyanja ya Chilwa. Komabe amisiri aŵiri angathe kukhala pa mzere umodzi wa masitolo, wina nkukula mpaka kulemba antchito, mnzake nkutseka chaka chisanathe. Kodi kusiyana kumeneku kumachokera pati?

Ambiri amayankha kuti ndi mpamba. Mbiri ya dziko lino ikusonyeza kuti yankholo ndi lopereŵera. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amwenye kuti asiye masitolo a kumidzi ndi kukachita malonda m'mizinda yokha. Amalaŵi anatenga masitolowo, koma ambiri sanapite nawo patali, popeza kuoda katundu ndi kuŵerengera phindu zinali ntchito zachilendo kwa iwo. Nchifukwa chake mu 1979 kunakhazikitsidwa bungwe la DEMATT kuti lizilangiza amalonda, ndipo mu 1982 kunabwera SEDOM, lomwe linkakongoza ndalama makamaka kwa anthu opanga zinthu. Pambuyo pake mabungwe aŵiriŵa anaphatikizidwa ndi sukulu ya MEDI ya ku Mponela nkukhala bungwe limodzi la SMEDI. Mu 2003 kunayambanso ndondomeko ya OVOP, yotengedwa ku dera la Oita ku Japan, yoti dera lililonse lisankhe chinthu chimodzi ndi kuchikonza bwino chisanapite ku msika.

Wofinya mafuta a mpendadzuŵa ndiye akuonetsa bwino pamene thandizo lotere limakwanira ndi pamene limapereŵera. Mpendadzuŵa umakololedwa kamodzi pa chaka. Munthu amene wakongola ndalama za makina okha, osakhala ndi zina zogulira matumba okwanira pa nthaŵi yokolola pamene mtengo uli wotsika, amaona makina ake ali duu miyezi yambiri, pomwe ngongole ikupitirira kubereka chiwongoladzanja. Mafutawo akafinyidwa, sangaloŵe m'masitolo akuluakulu a ku Limbe kapena ku Zomba opanda chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. Chizindikirocho chimafuna nyumba yaukhondo, mafuta osefedwa bwino othiridwa vitamini A, ndi botolo lolembedwa moyenera. Izi sizibwera ndi makina. Zimafuna mlangizi wofika pamalopo kangapo, osati maphunziro a masiku atatu a mu holo omwe anthu amakumbukira chifukwa cha nkhomaliro.

Koma mlangizi sangaike mtima wa malonda mwa munthu. Mwini makina wochangamuka amapita yekha kwa alimi mbewu isanakhwime nkugwirizana nawo mtengo. Zotsala pofinya mafuta amagulitsa kwa oŵeta nkhumba ndi nkhuku m'malo moziunjika kuseri kwa nyumba. Magetsi akayaka usiku, iye amadzuka usiku womwewo. Ndipo ali ndi kabuku kamene amalembamo botolo lililonse, ngakhale lomwe latengedwa ndi mlamu wake.

Za kabukuka pali umboni. Cha m'ma 2012 akatswiri a World Bank anachita kafukufuku pa mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 3,000 a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ena anathandizidwa kulembetsa mabizinesi awo ku boma kwaulere, ndipo ambiri analembetsadi, koma phindu lawo silinasinthe. Ena, kuwonjezera pa kulembetsako, anawakumanitsa ndi a banki kuti atsegule akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ndalama za pakhomo. Malonda a gulu limeneli anakwera ndi 20 peresenti, ndipo phindu linakwera ndi 15 peresenti. Chiphaso pachokha chinali pepala chabe; chimene chinathandiza ndi kulekanitsa thumba la ntchito ndi thumba la ndiwo.

Ku Phalombe kulinso zina zimene kuchangamuka kwa mmisiri sikungaletse. Napolo wa mu Malichi 1991 wochokera m'phiri la Michesi anakokolola midzi ndi milatho, ndipo namondwe Freddy anachitanso chimodzimodzi mu Malichi 2023. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zitsulo ndi zipangizo za makina nkukwera mtengo nthaŵi yomweyo. Pa nyengo zotere wowotcherera amene wataya makasitomala ake onse m'sabata imodzi safuna ngongole yachiŵiri. Amafuna wokongoza amene angabwere kudzaona mmene zinthu zilili, nkuvomera kuti kubweza kuyambirenso alimi akakolola ndi kuyamba kuitanitsa zitseko.