BWALO LA NDEKE LA KENNETH KAUNDA: CIMENE MUNTHU WA KU RUFUNSA AYENERA KUDZIWA

Mau amene mkulu wa zofalitsa nkhani za Boma anakamba kwa akuluakulu a nthambi ndi anthu a m'midzi pa msonkhano wa ku Rufunsa.

Mundikhululukire kuti ndilankhula m'Cinyanja pa dziko la Asoli. Cisoli ndicimva, koma ndikayesa kucilankhula ana adzayamba kuseka ndipo nkhani idzathera pomwepo.

Pamene ndinali kubwera kuno, mkulu wina anandifunsa kuti: "Mwana wanga, ife tifuna kumva za feteleza ndi mtengo wa cimanga. Nanga ndeke itikhudza bwanji, ife amene tingoiona ikulemba mzere woyera kumwamba?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndilo ndabwera kudzayankha. Ambiri a inu simunakwerepo ndeke, ndipo mwina simudzaikwera. Koma bwalo lija mumalipitirira mukamapita ku Lusaka, mutadutsa Chongwe, linamangidwa ndi ndalama za dziko, ndipo nkhongole yake ili pa mutu wa munthu aliyense amene wakhala pansi pa mtengo uno.

Tiyambire kumbuyo. M'masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, zinthu zazikulu zinali kuikidwa ku Salisbury, kumene lero kuchedwa Harare. Likulu la kampani ya ndeke ya Central African Airways linali komweko. Ku Lusaka kunali kabwalo kakang'ono m'kati mwa mzinda, kamene lero kali m'manja mwa asilikali a ndeke. Tinalandira ufulu pa 24 October 1964, koma zitseko zathu zoturukira kunja zinali zikali m'manja mwa ena. Njanji, malasha, mafuta a galimoto, zonse zinali kudzera kum'mwera.

Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wake wa cipanduko, ndipo pasanapite nthawi mafuta analeka kufika kuno. Akuluakulu muli pano mukumbukira masiku a makuponi a petulo. Ndeke za Britain ndi Canada zinayamba kutuuta mafuta m'migolo kubweretsa ku Zambia, pamene malole anali kuthyoka pa mseu wa ku Dar es Salaam. Dziko linaphunzira phunziro lowawa: dziko lopanda nyanja, lozingidwa ndi maboma a atsamunda, likasowa khomo la mumlengalenga lingatsamwitsidwe monga nkhuku. Ndiye cifukwa cake mu 1967 kunatsegulidwa bwalo latsopano, Lusaka International Airport, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 27 kucokera pakati pa mzinda, m'dera la Chongwe. Caka comweco kampani ya Zambia Airways inacoka m'manja mwa Central African Airways ndi kuima payokha, mothandizidwa ndi a Alitalia a ku Italy.

Kucokera pamenepo, alendo akuluakulu a dziko lino anali kulowera pa khomo limeneli. Mu September 1970 atsogoleri a maiko osagwirizana ndi mbali iriyonse anasonkhana ku Mulungushi mu Lusaka. Mu August 1979 kunacitika msonkhano wa maiko a Commonwealth, Mfumukazi Elizabeth inabwera, ndipo kumeneko ndiko kunatsegukira njira ya zokambirana za ku Lancaster House zimene zinabala Zimbabwe mu 1980. Papa John Paul II anafika mu May 1989. Nelson Mandela, ataturuka m'ndende pa 11 February 1990, ulendo wake woyamba wa kunja unali wa ku Lusaka, ndipo anatera pa bwalo lomweli pa 27 February. Ine ndinali mwana wa sukulu, ndipo cimene ndikumbukira ndi wailesi ya atate, imene tsiku limenelo palibe analoledwa kuikhudza.

Koma pali tsiku lina limene sitiyenera kulibisa cifukwa ca manyazi. Pa 19 October 1978 ndeke za nkhondo za Rhodesia zinalowa m'dziko lino kudzaphulitsa msasa wa anthu a Joshua Nkomo ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Mtsogoleri wa ndekezo, amene anadzicha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi nsanja ya bwalo lathu. Analamula kuti ndeke za asilikali a Zambia zisanyamuke, apo ai zidzagwetsedwa. Kwa kanthawi mlengalenga wa likulu lathu unali m'manja mwa mdani, ndipo ndeke za anthu wamba zinayembekezetsedwa. Anthu mazana anafa tsiku limenelo ku Chikumbi ndi ku Mkushi. Caka cotsatira, mu 1979, adani omwewo anaphulitsa milatho, pamodzi ndi wa pa Chongwe pa mseu uno wa Great East, ndipo inu a kuno munadulidwa ku Lusaka. Cotero musaganize kuti nkhani ya bwalo la ndeke ndi ya anthu a mataye okha. Amene analamula nsanja ija ndi amene anadula mseu wanu.

Tsopano ndifotokoze mmene bwaloli ligwirira nchito, pakuti ambiri aganiza kuti ndi cigwa cabe copaka phula.

Mseu umene ndeke ithamangapo ndi wautali mamita 3,962, ndiko kunena pafupifupi makilomita 4. Mungafunse kuti utali wonsewo ngwa ciani. Yankho liri pa malo amene Lusaka akhala. Bwaloli liri pamtunda wa mamita oposa 1,100 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo kumtunda kotere mpweya ndi wopepuka. Kukatentha mu October umapepukirapo. Mapiko a ndeke afuna mpweya wokwanira kuti anyamule katundu, cotero ndeke yodzaza anthu ndi mafuta a ulendo wa ku Dubai iyenera kuthamanga mtunda wautali isanadzuke. Pa nsonga za mseuwo panalembedwa manambala aakulu, 10 mbali ina ndi 28 mbali inayo. Manambalawa auza woyendetsa ndeke kumene mseu waloza pa kampasi: 10 ndi ca kum'mawa, 28 ndi ca kumadzulo. Ndeke inyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, monga mmene acitira kabawi. Popeza mphepo ya kuno kawirikawiri icokera kum'mawa, ndeke zambiri zinyamuka zitaloza kuno kwathu.

M'nsanja mukhala anyamata ndi atsikana a Zambia amene alankhula ndi ndeke iriyonse, usana ndi usiku. Palibe ndeke iloledwa kusuntha, kunyamuka kapena kutera popanda mau ao. Pambali pao pali a zanyengo, amene ayesa mphepo, mitambo ndi kutalika kumene maso angaone. Pali ozimitsa moto amene akhala okonzeka nthawi zonse ngakhale papite caka osaitanidwa. Pali oona za mapasipoti, a msonkho a Zambia Revenue Authority, a zaumoyo, ndi oyang'anira mbeu ndi nyama kuti matenda a kunja asalowe m'minda yathu. Palinso anthu amene nchito yao ndi kupitikitsa mbalame. Musaseke, amai. Mbalame imodzi yaikulu ikalowa mu injini ingaononge makina a mtengo woposa ng'ombe zonse za m'mudzi mwanu. Bwalo lonse liyendetsedwa ndi kampani ya Boma ya Zambia Airports Corporation, imene iyang'aniranso mabwalo a Ndola, Livingstone ndi Mfuwe. Ndeke iriyonse yotera ilipira, ndipo munthu aliyense wokwera alipira msonkho wa bwalo umene uli m'kati mwa mtengo wa tikiti.

Apa ndiikepo mau a moto wa m'thengo. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, utsi umaphimba dziko lonse kucokera ku Luangwa kufika ku Chongwe. Utsi umenewo ucepetsa kuona kwa woyendetsa ndeke. Makina amthandiza, inde, koma amene atentha thengo lonse cifukwa ca mbewa khumi adziwe kuti aononga msipu, aononga nthaka, ndipo abvutitsanso anthu amene sanawaonepo.

Za Zambia Airways ndinene mwacidule, pakuti ndi nkhani ya cisoni. Mu 1984 inagula ndeke yaikulu ya DC-10 imene inachedwa Nkwazi, ndipo mbendera yathu inali kuoneka ku London, ku Rome, ku Bombay, ngakhale ku New York. Koma ndalama zoturuka zinaposa zolowa, nkhongole zinaunjikana, ndipo mu December 1994 kampaniyo inatsekedwa, anchito ambiri natsala pa mseu. Dzinalo linaukanso mu December 2021, mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, koma linayamba ndi ndeke zazing'ono. A British Airways nawo analeka kubwera ku Lusaka mu 2013. Lero wopita ku Ulaya kawirikawiri ayamba wadzera ku Addis Ababa, Nairobi, Dubai, Doha kapena Johannesburg. Ine ndiona kuti kukhala ndi ndeke zathuzathu ndi ulemu, koma ulemu umene ulipiridwa ndi ndalama za mankhwala a m'cipatala uyenera kuwerengedwa kawiri.

Mu 2011 Mtsogoleri wa dziko Michael Sata anasintha dzina la bwaloli kukhala Kenneth Kaunda International Airport, la ku Ndola nalicha Simon Mwansa Kapwepwe, la ku Livingstone nalicha Harry Mwaanga Nkumbula. Patangopita miyezi yocepa, mu February 2012, khamu la anthu linadzaza bwaloli kudzalandira anyamata a Chipolopolo atatenga cikho ca Africa ku Libreville, mzinda womwewo kumene anzao anagwera m'nyanja mu April 1993 atanyamuka ku Lusaka, anthu 30 natha onse.

Nyumba ya 1967 inacepa. Mu 2015 nchito yomanga nyumba yatsopano inayamba, omanga ake a kampani ya China Jiangxi, ndi nkhongole ya madola 360 miliyoni yocokera ku banki ya Exim ya ku China. Inatsegulidwa mu August 2021 mu ulamuliro wa a Edgar Lungu, patapita miyezi yosakwana iwiri a Kaunda atamwalira pa 17 June ali ndi zaka 97. Tsopano bwaloli lingalandire anthu 6 miliyoni pa caka, pamene kale linali la 2 miliyoni. Nyumbayo ndi yokongola, ndinalowamo, ndipo sindidzanama kuti mtima sunakondwe. Koma coonadi cina ndi ici: mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ina ya nkhongole zake za kunja, ndipo panapita zaka za zokambirana mpaka mu June 2023 pamene maiko otikongoza anabvomera kusintha kalipiridwe. Nkhongole ya bwalo ndi gawo limodzi la katundu ameneyo. Mukagula sopo kapena mafuta ophikira pa sitolo, msonkho uli momwemo. Ndiye cifukwa cake muli ndi ufulu wonse wofunsa aphungu anu ngati nyumba ija ibweza ndalama zake.

Ndipo ingabweze bwanji? Ndi alendo ndi katundu. Mlendo wopita kukaona nyama ku Lower Zambezi kapena ku Mfuwe ayamba watera pamenepo. Maluwa ndi ndiwo zamasamba zolimidwa m'mafamu ozungulira Lusaka zaturukira pamenepo kupita ku Ulaya kwa zaka zambiri. Katemera woyamba wa COVID-19 anafikira pamenepo mu April 2021. Mlimi mmodzi wa kuno sangatumize thumba la nyemba pa ndeke, pakuti ogula a kunja afuna katundu wambiri, wofanana, wozizira, wofika pa tsiku lopangana. Zimenezo zitheka ndi kopaletivu yolimba, osati kopaletivu ya pa pepala imene idzuka nthawi ya feteleza yokha.

Cotsiriza ndi golide, pakuti ndidziwa kuti anyamata ambiri a kuno ali m'mitsinje ndi mabeseni. Mu August 2023 a Drug Enforcement Commission anagwira ndeke yaing'ono yocokera ku Cairo pa bwalo lomweli. Munapezeka madola pafupifupi 5.7 miliyoni, mfuti zazing'ono 5, ndi zitsulo zolemera makilogalamu 127 zimene zinali kuoneka ngati golide. Ataziyesa anapeza kuti zambiri zinali mkuwa ndi zinki. Ngati anthu oyenda pa ndeke yaoyao angalowe m'malonda a golide wabodza, kuli bwanji mnyamata wa ku Shikabeta amene agulitsa usiku kwa mlendo wosadziwika dzina, pa sikelo ya mlendo yemweyo? Golide woturuka mobisa salipira msonkho, samanga kalasi, salipira nkhongole ya bwalo. Gulitsani kwa ogula okhala ndi cilolezo ca Boma, funsani kuona pepala lao, ndipo mutenge lisiti. Mlendo wokana kuonetsa pepala mukamunene kwa nduna kapena ku polisi.

Kwa aphunzitsi amene muli pano: lembani kalata kwa oyang'anira bwalo, kudzera ku ofesi ya maphunziro ya boma lino, kupempha kuti ana a sukulu akaone nsanja ndi galimoto za ozimitsa moto. Nchito zimene ndachula zifuna masamu, sayansi ndi Cingelezi, ndipo palibe lamulo loti mwana wa ku Mpanshya sangakhale m'nsanja muja.

A Capampando, ndalankhula nthawi yaitali ndipo dzuwa lapendeka. Ndilandira mafunso tsopano, kuyambira kwa atate aja anandifunsa za feteleza.